Mlimi wa Fodya ndi Chamba cha Madamu

Anthu a ku Dowa ali ndi vuto limodzi. Akaona tsamba lobiriwira bwino amaliyesa fodya, ndipo akaliyesa fodya palibe amene angawauze kanthu. Kenson anali wa ku Dowa, cha ku Mponela kwenikweni, ndiye musadabwe ndi zimene zinachitika ku Umbilo, mu mzinda wa Durban, dzinja lija.

Mu Durban anali atakhalamo zaka ndithu, akutchetcha kapinga wa anthu. Ntchitoyi inkamunyansa chamumtima. Munthu wokulira m'chigafa, amene anadziwa kusoka fodya asanadziwe kulemba dzina lake, azithirira udzu kuti ukule, kenako aziudula chifukwa wakula? Koma wobwera kudzafuna ganyu sasankha. M'nyengo yozizira anapeza malo kwa Mayi Ramlall, mayi wamasiye wachimwenye, mwini nyumba yakale ya pamtunda yokhala ndi masitepe ambirimbiri, ndipo anamupatsa kachipinda ka kuseri.

Pakhomopo panali malo amodzi amene Kenson sankaloledwa kupondako. Kuseri kwa galaja kunali kampanda kokhoma ndi loko, ndipo m'katimo munali mitengo inayi ya chamba. Kuno si kwathu. Lamulo la kuno silimanga munthu wamkulu chifukwa chodzala pang'ono pakhomo pake, bola asagulitse. Mayi Ramlall mawondo anali atawathera, ndipo chaka ndi chaka ankaphika mafuta kuchokera ku mitengo imeneyi, opaka ndi odontheza pansi pa lilime. Ankati popanda mafutawo masitepe awo omwe sangawakwere. Mitengoyo ankaitcha atsikana anga, ndipo ankaithirira okha, akutsimphina, kheni ili m'manja.

Ndiye m'mwezi wa Januwale mwana wawo wa ku Joni kwenikweniko, kutali ndi Durban, anawaitana kuti akawachotse ng'ala m'maso, akhale komweko mpaka apole. M'mawa wa tsiku lonyamuka anamuitana Kenson n'kumutsegulira kampanda kaja.

"Uzipisa chala m'dothi," anatero m'Chingelezi chawo chothamanga. "Ukamva chinyezi, usathire. Ukamva kuuma, thira m'mawa, patsinde, osati pamasamba. Botolo ili ndi chakudya chawo, kachitsekerero kamodzi mu kheni pa sabata. Kuthirira ndi kudyetsa, basi. Wamva?"

"Ndamva, Madamu."

"Wantchito wanga wa m'nyumba akupita kwawo, sabweranso. Unandiuza kuti uli ndi mkazi ku Malawi. Ndikadzapeza atsikana anga ali bwino, mkazi wako abwere adzagwire m'nyumba muno. Chipinda chako chikwana awiri."

Kenson anayankha kuti zikomo, mwaulemu, manja ali kumbuyo. Galimoto itangokhota pakona, bambo wamkulu uja anadumpha payipi yothirira kawiri, kupita ndi kubwerera, popanda chifukwa chilichonse. Mkazi wake Esnat anamusiya kumudzi mwana ali kumsana, ndipo mwanayo, Tayamika, tsopano ankapita yekha kusukulu. Zaka zonsezo mkazi wake ankamuonera pa foni, nkhope ikuima-ima chifukwa cha netiweki ya kumudzi. Lero njira inali itatseguka, ndipo inkadutsa pa mitengo inayi basi. Anaimba foni nthawi yomweyo.

"Chamba?" anafunsa Esnat. "Bambo a Tayamika, inuyo? Woimba besi mu kwaya?"

"Sindikusuta, mayi a Tayamika. Ndikuthirira. Mvula nayo imathirira chamba, koma simunamve kuti aidula mu mpingo."

Esnat anaseka mpaka foni inagwa. Ataitola anati mawa lomwe ayamba kuyendera za pasipoti, ndipo pofika madzulo mudzi wonse unali utadziwa kuti akupita ku Durban. Za chamba sanauze munthu, anangoti bambo apatsidwa dimba.

Sabata yoyamba Kenson anachita ndendende zimene anauzidwa. Chala m'dothi, madzi patsinde, kachitsekerero kamodzi. Koma ankati akaima n'kuiyang'ana mitengoyo, mtima wa ku Dowa unkamuwawa. Inali yowonda, masamba ang'onoang'ono, dothi lili gwa. Ananunkhiza botolo lija, linkanunkha nsomba, n'kupukusa mutu. Limeneli ndi phala la mwana wakhanda, anadziuza choncho, ndipo mbewu imene yanyamula ukwati wa munthu siingakulire phala.

Loweruka anakwera takisi, minibasi ya kuno, kupita ku Cato Manor kwa mnzake Shamsudin, Myao wa ku Mangochi amene ankagulitsa nkhuku zamoyo m'mbali mwa msewu. Anamupempha zitosi zouma, zowola bwino, za pansi penipeni pa khola.

"Mukudzala chiyani, achimwene, chofuna zitosi thumba lonse?"

Kenson anamunong'oneza nkhani yonse, ya mitengo ndi ya Esnat yomwe. Shamsudin anagwira ndevu zake.

"Eish. Ndiye alamu abwera chifukwa cha lonjezo la pakamwa? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, achimwene, wa pachala ngwa mphepo."

"Za fodya musandiphunzitse inu anthu a nsomba," anatero Kenson, akumanga thumba.

Pobwerera, thumbalo analiika pamiyendo. Takisi isanafike patali anthu anayamba kutsegula mawindo n'kumalankhula Chizulu chokalipa. Kenson, amene m'takisi Chichewa ankachisunga m'thumba ngati mmene amachitira anzake onse poopa kudziwika kuti ndi obwera, anangoyankha "yebo, yebo" kwa aliyense, nkhope ili yachisoni, pomwe m'mimba mukuvina chiseko. Anatsika sitopu imodzi asanafike, kuti apulumutse anthu, n'kusenza thumbalo pamutu mpaka kunyumba akuimba mluzu.

Apa ndiye ntchito inayambika. Zitosi anaziika m'saka n'kuzinyika mu diramu la madzi, ndipo madzi akudawo ankawasungunula ndi ena mpaka aoneke ngati tiyi wa alendo osafunika, asanawathire. Sanali wopusa kuti aotche mizu. Anatipula dothi, anabandira tsinde lililonse, n'kuphimba pansi ndi kapinga wouma. Kwa nthawi yoyamba kapinga wa mu Durban anagwira ntchito yooneka. Kukagwa mvula yamphamvu ankathamanga ndi khasu kukatsegula ngalande kuti madzi asadikhe, ndipo kukatentha ankadzuka mbalame zisanayambe phokoso kuti athirire dothi likadali lozizira. Pothirirapo ankaimba besi ya nyimbo za kwaya, ndipo ankakhulupirira ndithu kuti mitengoyo imakonda nyimbo za Pasaka kuposa za maliro.

Mitengo inayamika. Inakula mosadziletsa, inamupitirira msinkhu, inayamba kusuzumira pamwamba pa mpanda moti anachita kuwonjezera ukonde. Masamba anatambasuka kuposa chikhatho cha munthu, obiriwira mpaka kuda. Kenson ankawasisita ndi kuseri kwa zala monga ankachitira bambo ake m'munda, n'kumaseka yekha. Anayamba kupereka moni kwa agalu a eni ake. Tsiku lina anapezeka akuthokoza payipi.

Mayi Ramlall ankatumiza mawu pa foni, poti maso anali omata ndipo zithunzi sakanaziona.

"Atsikana anga ali bwanji, Kenson?"

"Anenepa, Madamu. Simudzawazindikira."

"Sharp. Usawamwetse madzi ambiri."

Chakumapeto kwa Febuluwale, m'mawa wina, anaona tiubweya toyera kunsonga kwa nthambi. Anayandikira, anayang'anitsitsa, n'kugwedeza mutu ngati dokotala amene wapeza nthenda imene amaiyembekezera. Maluwa anali atayamba.

Mwana aliyense wa mlimi wa fodya amadziwa chochita pamenepa. Duwa ndi mbala. Limaba chakudya chonse chimene wathira n'kusiya tsamba lopepuka, ndipo ku okushoni sagula maluwa. Fodya akangoonetsa duwa umamuthena, kudula nsonga, kenako tsiku ndi tsiku umayendera kuchotsa timphukira totuluka m'khwapa mwa masamba. Ndipo kuti chofunika pa chamba ndi tsamba, Kenson sanakayike ngakhale pang'ono. Iye sanasutepo, sanakhalepo pafupi ndi osuta. Koma maso anali nawo. Pa zipewa za anyamata amajambulapo chiyani? Tsamba. Pa masikipa, pa magalasi a matakisi, pa makoma a m'tauni? Tsamba lokhalokha. Palibe amene anaonapo duwa litajambulidwa pa chipewa.

Ganizo lofunsa linamufikira, sitinganamizire kuti silinabwere. Koma anati Madamu angochitidwa kumene opaleshoni, awavutitsirenji ndi nkhani yodziwika kale? Ndiponso ankafuna adzawadzidzimutse. Ankaziona m'maganizo: Madamu akutsegula kageti ndi maso atsopano, akuona masamba amene sanawaonepo chibadwire, akumuuza kuti Esnat akwere basi ya mawa lomwe. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma mwambi umakoma ukamanenera anthu ena.

Anathena mitengo itatu. Wachinayi, umene unali wokongola kuposa yonse, wa pakona pofika dzuwa lambiri, anauyang'ana n'kubweza dzanja. Bambo ake sankathena munda wonse. Ankayenda mzere ndi mzere kufuna tsinde labwino koposa, n'kulimangira kansanza, kuti limenelo lichite maluwa libereke mbewu ya chaka chamawa. Wa mbewu sathena, ankatero, ndipo mwana woudula ankagona ndi njala. Kenson anang'amba kansalu kofiira n'kumangirira pa mtengo wa pakonawo. Anasiya kuuthira madzi a zitosi, poti wa mbewu sitiufunira masamba, n'kumangoupatsa madzi ndi kaphala ka m'botolo ka Madamu. Zitosi zonse zinapita kwa itatu ija.

Koma mitengo itatuyo inali ndi makani. Akadula apa, maluwa ankatulukira apo. Akachotsa kunsonga, ankabisala m'munsi. Kenson anaikonda nkhondoyo. M'mawa uliwonse akatha kuthirira ankayenda nthambi ndi nthambi, akutsina, akudzudzula ngati kholo. "Iwe, ndakuona. Ukufuna ukwatiwe usanakule?" Zala zinkamata utomoni wonunkhira, ndipo izi zinamutsimikizira kuti ndi fodya ndithu, poti fodya naye amamata chimodzimodzi. Maluwa odulawo ankawaponya pa mulu wa zinyalala kuseri kwa kachipinda kake, pomwe dzuwa la Malichi linawaumitsa bwinobwino.

Loweruka lina masana Shamsudin anabwera ndi thumba lachiwiri la zitosi. Anapeza Kenson atasesa bwalo, ndipo monga achitira munthu aliyense woleredwa bwino akasesa, anali atayatsa mulu uja. Anakhala pa zidebe pafupi ndi motowo, akumwa tiyi, mphepo ikubweretsa utsi kwa iwo.

Poyamba ankakamba za mtengo wa chakudya cha nkhuku. Kenako Shamsudin ananena kuti nkhuku yake ina imayenda ngati wapolisi. Sizinali zoseketsa kwenikweni, koma Kenson anaseka mpaka tiyi anatulukira m'mphuno. Shamsudin anaimirira kuti asonyeze mayendedwe a nkhukuyo, n'kuiwala chimene anaimirira. Anadya buledi yense wa mlungu wathunthu wopanda chopaka, akumuyamikira kuti sanadyepo buledi wanzeru chotere. Mnyamata wa nyumba yoyandikana anatulutsa mutu pamwamba pa khoma, ananunkhiza, n'kufunsa mwaulemu ngati pali phwando. Kenson anamuyankha m'Chichewa, mokweza, koyamba chifikireni m'dziko lino, ndipo sanaope kanthu.

"Achimwene," anatero Shamsudin patapita nthawi, akuyang'ana utsi mwachidwi, "ine ndine munthu wa ku mzikiti. Chikutisekesachi n'chiyani?"

Kenson anayang'ana motowo, anayang'ana mnzakeyo, ndipo nzeru zinamufikira pang'onopang'ono. Anathamangira payipi n'kuuzimitsa. Anapepesa kwa Shamsudin, anapepesa kwa Mulungu wa onse awiri. Koma pamene mnzake ankasamba kumaso akudandaula, Kenson anaima chilili, maso ali pa kampanda kaja, nkhope ikuwala.

"Taganizani, achimwene. Ngati zotaya zokha zili ndi mphamvu chonchi, nanga masambawo?"

Umu ndi mmene Mulungu anamutumizira chenjezo ndi utsi womwe, iye n'kuliwerenga chadodolido.

Chinthu chimodzi chokha chinkamusowetsa mtendere: mtengo wa kansalu kofiira. Maluwa ake anafufuma, analemera mpaka nthambi kuwerama, moti anachita kuzichirikiza ndi nsungwi. Ananyezimira ngati awazidwa shuga, ndipo fungo lake linkafika mpaka kugeti. Koma ankati akafinya limodzi kufuna njere, osapezamo kanthu. Masamba ake anayamba chikasu. Pafupi ndi anzake atatu onenepa aja unkaoneka wodwala, wolemedwa ndi katundu wopanda phindu. Kenson anada nkhawa kuti wasankha wosabereka, ndipo anakonzeratu mawu opepesera.

Esnat anali atatenga pasipoti. Anali atasiya mbuzi kwa mchemwali wake, atakonza zoti Tayamika akhale kwa agogo ake mpaka sukulu itsekere, atachapa chikwama n'kuchiyanika poonekera kuti odutsa afunse. Ankangodikira mawu amodzi.

Mayi Ramlall anabwera mu Epulo, m'mawa, ndi magalasi akuda ndi ndodo yatsopano. Sanalowe n'komwe m'nyumba. Anati akufuna aone atsikana awo kaye, ndi maso amene dokotala wawapatsa. Kenson anali atavala shati ya kutchalitchi. Anatsegula kageti n'kuima pambali, chifuwa chili patsogolo.

Mayiwo analowa, anavula magalasi, n'kukweza mutu. Anaukwezabe, poti mitengo inali itapitirira denga la galaja.

"Awa atatu ndiye ndawasamala kwambiri, Madamu," anayamba Kenson. "Taonani tsambalo. Taligwirani mumve kulemera. Duwa simulipeza ngakhale limodzi, ndimachotsa m'mawa uliwonse. Koma uyu wa pakona mundikhululukire. Ndinamusiyira mbewu, monga timachitira kwathu, ndiye wangochita maluwa okhaokha, njere palibe. Ndinasankha molakwa."

Mayi Ramlall anayenda pang'onopang'ono kuzungulira mtengo woyamba, akupatula nthambi ndi ndodo. Anachita chimodzimodzi ndi wachiwiri, ndi wachitatu. Kenako anafufuza chidebe ndi dzanja n'kukhalapo.

"Maluwawo unawaika kuti?"

"Ndinatentha, Madamu. Ndi zinyalala zina."

Phewa la mayiwo linayamba kugwedezeka. Kenson anayesa akulira, koma kunali kuseka, kuseka kopanda mawu kwa munthu amene mpweya wamuthera. Anaseka mpaka misozi kutsika m'maso atsopano aja, ndipo Kenson, poona kuti zinthu zili bwino, anayamba kuseka nawo. Anaseka awiriwo kwa kanthawi ndithu. Kenako Kenson anazindikira kuti akuseka yekha, ndipo kuti misozi ya Madamu sinasiye.

"Kenson," anatero akupukuta ndi mpango, "mankhwala amakhala m'maluwa. Masambawa ndi amene ine ndimataya."

Kenson anayang'ana mitengo yake itatu, yonenepa, yonyada, yopanda ntchito. Anakumbukira m'mawa uliwonse umene anaimba nyimbo akutsina mankhwala a mayi wokalambayu n'kuwaponya kudzala. Anakumbukira chikwama cha Esnat chili pachingwe. Manyazi ndi mantha zinamugwira pamodzi, ndipo anapezeka atagwada pa kapinga wouma uja, shati ya kutchalitchi ili m'thupi.

"Ndalakwa, Madamu. Ndimayesa ndi fodya. Pa zipewa amajambula tsamba."

"Pa zipewa," anabwereza mayiwo, ndipo pakamwa panayambanso kunjenjemera, koma anadzigwira. "Dzuka. Ndigwire dzanja, ndikamuone wosaberekayo."

Anaima nthawi yaitali pa mtengo wa pakona. Ananyamula nthambi imodzi m'manja, anainunkhiza, anafinya duwa n'kuyang'ana zala zikumatana. Anagwira kansalu kofiira n'kufunsa tanthauzo lake, ndipo Kenson anafotokoza za bambo ake.

"Njere palibe chifukwa palibe mwamuna pafupi, ndipo ndi mmene ndimafunira," anatero Mayi Ramlall. "Zaka zonse ndadzala, sindinaonepo maluwa otere. Dothi unalikonza, madzi unawadziwa. Bambo ako ndi amene akupulumutsa, osati iwe."

Mayiwo anaweramira pa ndodo, akuyeza mtengowo ndi maso, ndipo nkhope yawo inasiya kuseka.

"Koma umodzi ndi umodzi. Mafuta ake andifikitsa pakati pa nyengo yozizira, mwina kupitirira pang'ono. Akatha, mawondo awa atseka. Sindidzatha kukwera masitepe ndekha, kapena kutuluka m'bafa ndekha, mpaka tidzakolole chaka chamawa. Ndipo mwana wanga akangomva kuti ndikukwawa m'nyumba muno, adzandinyamula kupita ku Joni n'kugulitsa nyumba ya bambo ake. Wakhala akufuna chifukwa."

Anatembenuka n'kumuyang'ana Kenson m'maso, ndipo tsopano ankaona bwino.

"Mkazi wakoyo ndi wamphamvu?"

"Amasenza thumba la chimanga yekha, Madamu."

"Ine sindilemera choncho. Umuuze abwere kusanazizire. Ndimafuna wosesa ndi wophika, koma tsopano ndikufuna wondinyamula. Ndipo chaka chamawa, usanadule chilichonse pakhomo pano, ngakhale chikhadabo chako, uzindifunsa."

Anatuluka m'kampandamo. Kenson anafuna kuwagwira mkono, koma anamukaniza ndi ndodo, n'kuyamba okha ulendo wa ku masitepe.

Iye anatsala pakati pa mitengo yake. Chimwemwe chinabwera chonse nthawi imodzi, chosafunsa ngati n'choyenera. Anatulutsa foni n'kuimba, ndipo Esnat anayankha isanaitane kawiri.

"Mayi a Tayamika, anulani chikwama chija. Akuti mubwere kusanazizire."

Nthungululu imene inatuluka mu foniyo inathamangitsa mbalame pa denga la galaja. Anamva Esnat akuitana mchemwali wake, akuitana Tayamika, akuitana anthu odutsa. Kenson ankaseka, misozi ikulengeza, akuzungulirazungulira pamalo amodzi. Pozungulirapo maso ake anagwera pa masitepe. Mayi Ramlall anali asanafike n'komwe pakati. Anali ataima, dzanja limodzi pa chitsulo chogwirira, lina pa bondo, mutu uli pansi, akudikira kuti ululu udutse. Uku kunali kukwera kwa munthu amene mafuta akadali nawo.

"Ndiye mwawasangalatsa kwambiri eti?" Esnat anabwerera pa foni, akupuma mothamanga. "Ndimadziwa ine. Pa ulimi palibe angakuposeni. Mwachita bwanji kuti avomere msanga chonchi?"

Kenson anayang'ananso ku masitepe kuja.

"Ndidzakuuzani mukafika," anatero motsitsa mawu. "Ntchitoyi ndakugulirani ndi mawondo a eni ake. Mudzawanyamule bwino."

Atadula foni anatola kheni, anapita pa mtengo wa kansalu kofiira, n'kupisa chala m'dothi. Munali chinyezi, ndiye sanathire.